Prado 2.7 ya petulo kapena D-4D ya dizilo, zimene ndaona ine pa misewu yathu

Kuno kwathu ukangonena kuti wagula 4x4 ya petulo anthu amapukusa mutu, ena mpaka kukumvera chisoni, eti galimoto yopita kumudzi imayenera kukhala ya dizilo basi palibenso zokambirana. Ine ndili ndi Prado 120 ya petulo, ija ya injini ya 2.7 yomwe pa mapepala amalemba TRJ120, ex-Japan, ya automatic, ndipo ndayenda nayo madzinja angapo tsopano pakati pa Lilongwe ndi kumunda kwanga ku Ntchisi komanso kwa apongozi ku Rumphi. Alamu anga ali ndi Hilux D-4D ya 2.5 yomwe amagulira soya ndi mtedza m'mamidzimu, ndipo ndimayiyendetsa kawirikawiri moti galimoto ziwirizi ndimazidziwa m'manja osati zongomva kwa anthu. Ndiye ndati ndilembe zimene ndaona, kuti inu amene mwasunga ndalama zanu movutikira musakagule galimoto chifukwa choti anzanu pa bawo anatero.

Ndiyambire pomwe Prado yangayi imagonja, kuti wina asadzanene kuti ndinamubisira. Imamwa mafuta, imamwadi. Injini yake ndi 2TR-FE, ma cylinder anayi okha opanda turbo, koma ikukoka thupi lolemera pafupifupi matani awiri komanso matayala onse anayi amakoka nthawi zonse ngakhale uli pa tala, ndiye ine ndimapeza makilomita 7 kapena 8 pa lita, mtawuni muno pa jamu ya m'mawa imatsikanso kuposa pamenepo. Hilux ya alamu imapanga 11 kapena 12 osavutika. Tiyeni tiwerengere ndi mitengo ija MERA inalengeza mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo anali K2,530 pa lita, dizilo K2,734. Pa makilomita 100 Prado imafuna malita 13 ndi kanthu, ndiye kuti chakuma K34,000, pomwe Hilux imafuna malita osakwana 9, chakuma K24,000. Taonani kusiyanako, K10,000 pa makilomita 100 aliwonse ngakhale dizilo anali wodula kuposa petulo pa pampu. Mitengo yasintha kuchokera nthawi imeneyo koma masamu ake sanasinthe, dizilo ali ndi mphamvu yochulukirapo mu lita iliyonse komanso injini yake imawotcha mafuta mosawononga. Munthu woyenda makilomita 3,000 pa mwezi ndalama imeneyi ndi yolipira nyumba ndithu, ndipo munthu wotere sindingamunamize kuti agule ya petulo.

Komanso pali nkhani ya mtunda womwe ungayende ndi thanki imodzi, yomwe masiku ano a mizere ya mafuta si nkhani yaing'ono. Thanki ya Prado ya ku Japan imalowa malita 87. Ndikadzaza ku Lilongwe ndimakafika ku Rumphi bwinobwino koma pobwerera ndiyenera kupeza petulo ku Mzuzu kapena Kasungu, akasowa ndagona komweko. Alamu ndi thanki yocheperapo pang'ono amapita ndi kubwerako mpaka pafupi ndi kwawo. Izi zimandipweteka ndithu, makamaka ulendo wa maliro womwe sukonzekera.

Tsopano za mphamvu, chifukwa apa ndi pamene anthu amalankhula zambiri osamvetsa. Mukaona manambala, 2TR-FE ili ndi ma horsepower opitirira 160 pomwe 2KD ya alamu ili ndi 102 okha, ndiye ungaganize kuti ya petulo ndi dolo. Koma chomwe chimakutulutsa m'matope ndi mphamvu yopotokola matayala ija amati torque, ndipo apa manambala ndi oyandikana, Prado 246 Nm, Hilux 260 Nm. Kusiyana kwenikweni kuli poti mphamvuyo imabwera nthawi yanji. Ya dizilo imakupatsa yonse injini ikuzungulira ka 1,600 chabe pa mphindi, usanapondenso kwambiri, pomwe ya petulo mpaka uyikwezere kufika 3,800 ikulira. Dizilo ili ngati ng'ombe yapangolo, imangoweramitsa mutu n'kumakoka pang'onopang'ono osadandaula. Ukaika L4, giya yotsika yokokera poipa yomwe amati low range, pa Hilux n'kusiya clutch imayenda yokha phazi lili pambali, matayala akugwira bwino osazungulira pamalo amodzi, ndipo pa katondo woterera uja wa ku Ntchisi mvula ikangogwa kumene zimenezi ndi zofunika kwambiri chifukwa tayala likangoyamba kupota basi wayamba kulowera kungalande. Ikakhala kuti yasenza matumba 15 kapena kukoka ngolo, apa ndiye musayerekeze n'komwe, dizilo yawina.

Koma ndikufuna ndinene mosabisa kuti Prado yanga sinandisiyepo m'matope malo omwe Hilux inadutsa. Chinsinsi chake ndi low range ija, batani lokhoma diff yapakati yomwe imagawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, komanso giya ya automatic yomwe imapereka mphamvu mofewa osagwedeza. Ndimaika L4, kukhoma diff, giya ndiyike pa 2, kenako kuponda mofatsa osasintha phazi. M'makande a kudambo momwe matope amamata matayala mpaka kusalala, injini yotha kuzungulira mofulumira imathandizanso chifukwa ukaiponda pang'ono matayala amataya matope aja n'kuyambanso kugwira. Ndipo kumchenga wa kunyanja, kaya ku Senga Bay kaya chakuNkhotakota uko, ya petulo imandisangalatsa kuposa ya dizilo chifukwa mchenga umafuna liwiro losaduka ndipo giya imodzi imakutengera patali usanafune kusintha. Chomwe ndinaona n'choti matayala ndi amene amapanga zambiri kuposa mtundu wa mafuta. Prado imabwera kuchokera ku Japan ndi matayala a mtawuni osalala, mukapita nawo kumudzi mu Febuluwale mudzatukwana injini yosalakwa. Ikani ma all terrain abwino, matayala oyenda pa tala ndi poipa pomwe, ndipo muphunzire kuphwetsako mpweya pofika poipa, muziyenda ndi kapampu kopopera mukatuluka.

Kumapiri ndiye ndivomere, imafooka. Ulendo wa ku Nyika kudzera pa geti ya Thazima kukafika ku Chelinda uli pamwamba kupitirira mamita 2,000, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini iliyonse yopanda turbo imataya pafupifupi 10 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse okwera. Ndiye kuti kumtunda kuja Prado ya 2.7 yatsala ndi mphamvu zinayi mwa zisanu basi, muli anthu asanu ndi zikwama, imakwera inde koma mumaimva kuti ikugwira ntchito ndipo muvi wa mafuta umatsika mukuuona. Turbo ya dizilo imakankhira mpweya mu injini mokakamiza ndiye siimva kwambiri kukwera kumeneku. Msewu wa Golodi wochokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi makhota ake aja ndinaukwera pa L4 osathamanga, inafika bwino osawira, koma Hilux pamenepo imakwera ngati palibe chilichonse.

Ndiye mwina mukufunsa kuti nanga ngati dizilo ikuwina pa mafuta, pa katundu, pa mapiri, iwe ukuyamikiranji ya petulo. Yankho langa lili pa mafuta omwe timathira m'dziko muno komanso anthu omwe amatikonzera galimoto, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zikuthera.

Dizilo yomwe makolo athu ankaitama, ndi yomwe ikugulitsidwa lero, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Injini zakale zija monga 1HZ ya 4.2 yomwe ili mu Land Cruiser za ambulansi ndi za mabungwe, kapena 5L ya mu Hilux ndi minibasi zakale, zili ndi pampu wamba yoyendera zitsulo, zimapirira mafuta osayera kwenikweni ndipo makaniko wa pa trading centre amazimasula n'kuzibwezera. Mbiri yonse yoti dizilo safa inachokera kumeneko. Koma D-4D ndi common rail, mafuta amaponderezedwa kupitirira 1,000 bar n'kumapopera kudzera m'timabowo tating'onoting'ono ta ma injector oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo pampu ndi ma injector amenewa chomwe chimawafewetsa kuti asakhulane ndi dizilo yemweyo. Ndiye mukathira dizilo wosakaniza ndi palafini, kapena wolowa madzi, kapena wa fumbi la m'chigubu, mukukhula zitsulo zomwe zinapangidwa mosamala kwambiri. Sizimafa tsiku lomwelo ayi, zimayamba pang'onopang'ono, m'mawa kuvuta kulira, kugogoda injini ikazizira, utsi woyera kenako wakuda, mphamvu kuchepa, ndipo injector ikamathira mafuta mosayenera nthawi yaitali imatha kuboola piston.

Alamu anga zinawachitikira nthawi ija mafuta anasowa kwambiri. Ali kumudzi ndi katundu wodzaza, ma filling station onse ouma, anagula dizilo wa m'zigubu kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu chifukwa panalibe kuchitira mwina, soya wa anthu anali pagalimoto. Nyali ija yochenjeza za madzi mu fyuluta inayaka asanafike patali, anakhetsa madziwo n'kupitiriza, koma patapita masabata galimoto inayamba kugogoda. Ma injector onse anayi anafunika kusintha, enieni ake osati achinyengo, kuwaitanitsa kunja nthawi yoti forex kulibe, kenako kupeza munthu wa kompyuta woti alowetse manambala a injector iliyonse mu galimoto chifukwa sumangomanga n'kuliza ayi. Galimoto inakhala pa galaja nyengo yogula mbewu ili pakati. Ndalama yonse yomwe anapulumutsa pa mafuta kwa nthawi yaitali inathera pamenepo, osawerengera bizinesi yomwe inawadutsa. Ndinawamvera chisoni kwambiri chifukwa ndi munthu wosamala galimoto, oyilo sachedwetsa, koma chigubu chimodzi chinakwanira.

Ine petulo wa m'zigubu ndinathirapo, sindikulimbikitsa koma tonse tikudziwa mmene zinthu zimakhalira ukakhala kutali. Choipa chomwe chinachitika n'choti injini inkadukiza pang'ono mpaka nditathira wabwino, kenako ndinasintha fyuluta basi. 2TR-FE imapopera mafuta pa mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi common rail, ilibe turbo yoti ife, ilibe intercooler, ndipo imayendera tcheni osati timing belt, pomwe ma D-4D a 1KD ndi 2KD lamba wake amafuna kusintha pa makilomita 150,000 ndipo mukanyozera akaduka mwaononga injini. Zomwe zimavuta pa ya petulo ndi mapulagi, ma coil, mwina sensa, zinthu zoti makaniko wa ku Biwi kapena Mchesi amazipeza tsiku lomwelo ndipo sipeya zake ku Malangalanga zilipo mbwee chifukwa injini yomweyi ilinso mu ma Hiace ndi ma Hilux a petulo. Oyilo imalowa wocheperapo, batire imodzi yapakatikati ikukwana. Mtendere wa mumtima umenewu ndi umene ndimalipira pa pampu, ndipo kwa ine amene ndimayenda makilomita osafika 1,000 miyezi yambiri, ndi wotchipa kuposa ma injector.

Za madzi ndinenepo pang'ono poti dzinja lililonse timaona galimoto zitaima pakati pa mtsinje mlatho utakokoloka. Anthu amati dizilo saopa madzi chifukwa alibe mapulagi, zomwe zinali zoona pa injini zakale zija, koma D-4D ili ndi mawaya ndi kompyuta ngati ya petulo yomwe. Ndipo madzi akalowa kudzera kopumira mpweya ya dizilo ndi imene imaonongeka kwambiri, chifukwa imapanikiza mpweya chakuma ka 18 pomwe ya petulo ndi chakuma ka 10, malo otsala mu cylinder ndi ochepa zedi ndiye timadzi tochepa tikwanira kupinda con rod, chitsulo chogwira piston. Ya petulo ikanyowa ma coil nthawi zambiri umapukuta, kudikira iume, n'kuliza. Koma zonse ziwiri musalowe nazo m'madzi othamanga omwe simunawayeze ndi mwendo, chonde, galimoto imagulidwa ina koma anthu atha m'mitsinjemu.

Chinanso chomwe oitanitsa galimoto ambiri sakuuzani. Mukamafufuza Prado pa mawebusaiti a ku Japan mudzaona kuti za zaka za 2009 mpaka 2015 pafupifupi zonse ndi za petulo, 2.7 kapena V6 ya 4.0, ndipo si mwangozi. Toyota inasiya kugulitsa Prado ya dizilo mkati mwa Japan mu 2007 chifukwa cha malamulo okhwima a utsi, n'kudzayibweretsanso mu 2015 ndi injini ya 2.8 ija ya 1GD. Ndiye ya dizilo ya ku Japan mupeza yakale kwambiri yomwe yayenda mtunda wautali, kapena yatsopano yodula yomwe ili ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, komanso kathanki ka AdBlue, madzi apadera oyeretsa utsi. DPF imafuna ulendo wautali wothamanga kuti itenthe n'kuwotcha mwaye uja, ndiye ngati moyo wanu ndi kuchoka ku Area 25 kupita ku City Centre n'kubwerera tsiku ndi tsiku pa jamu, imatsekeka, galimoto n'kudzichepetsa mphamvu yokha. Ma pickup ndi ma SUV a dizilo ochokera ku UK nkhani yake ndi yomweyi. Si kuti ndi galimoto zoipa ayi, 1GD ndi injini yamphamvu kwabasi yokoma kuyendetsa, koma inapangidwira dizilo woyera kwambiri ndi oyilo wake wapadera, ndiye muyigule mukudziwa zimenezo.

Nanga Prado zakale za injini ya dizilo ya 1KZ, ma 90 ndi 95 aja omwe ali mbwee m'tawuni pa mtengo wooneka wabwino? Zimakoka bwino, koma makaniko aliyense akuuzani kuti injini imeneyi ikangowira kamodzi kokha head, mutu wa injini uja, imatha kung'aluka, ndipo zambiri zomwe zikugulitsidwa pano zadutsa m'manja ambiri ndi redieta yomwe yamwa madzi a pachitsime zaka ndi zaka. Mukaifuna pitani ndi makaniko wanu osati wa wogulitsa, muilize itazizira, mutsegule chotsekera redieta muone ngati madzi akutulutsa thovu.

V6 ya 4.0 sindinakhale nayo, ndinangoyendetsapo ya mnzanga, mphamvu ilipo yambiri ndipo vuto la kumapiri lija kulibe, koma MRA imawerengera msonkho potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto ndiye pa boda mudzamva kuwawa, kenako pa pampu. 2.7 imagwera pansi pa 3,000cc zomwe zimathandizako.

Pa mzere wa mafuta palibe amene amawina. Nthawi zina petulo ndi amene amasowa ndipo umapikisana ndi ma Sienta ndi njinga za kabaza zosawerengeka, nthawi zina ndi dizilo ndipo uli kumbuyo kwa mathiraki ndi anthu a zigayo ndi majenereta omwe aliyense akufuna malita mazana. Dziwaninso kuti petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, Prado imamuwotcha popanda vuto lililonse, kungoti ethanol amakoka chinyezi ndiye galimoto musaisiye miyezi itaima ndi thanki yatheka.

Kupatula injini, galimotoyi payokha ndimaikonda. Ili ndi chassis yeniyeni ngati lole, pa mabampu a msewu wafumbi imayenda mofewa kuposa Hilux yopanda katundu yomwe imadumpha kumbuyo mpaka agogo kudandaula msana, mkati ndi mwachete moti mumacheza osakuwa, ndipo m'mawa wa mu Juni kuzizira imalira kamodzi. Chomwe sindikondwera nacho ndi giya yake ya ma sipidi anayi okha, pa M1 ukafuna kupitirira thiraki uyenera kuwerengera patali ndithu chifukwa ukaponda imatsika giya n'kukuwa koma liwiro limabwera mochedwa, makamaka AC ikuyaka muli odzaza. Munthu wozolowera turbo zimamukwiyitsa masiku oyamba. Ine ndinazolowera kuyenda 90 kapena 100 ndipo pamenepo mafuta imamwanso mwaulemu.

Ndiye ngati galimoto ndi ya ntchito, ikusenza matumba sabata iliyonse, ikukoka ngolo, ikuyenda Lilongwe Karonga mwezi ndi mwezi, gulani dizilo ndipo ngati thumba likulola pezani ya 1HZ kapena 5L yosamalidwa. Mukagula D-4D muikire fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi isanafike pa ija ya fakitale, muzisintha ma fyuluta msanga kuposa mmene buku likunenera, muziyenda ndi chigubu chanuchanu choyera chomwe mwadzaza nokha pa pampu, ndipo lamba wa timing uja musamuyese. Koma ngati muli ngati ine, mumakhala mtawuni, kumudzi mumapita kumapeto a sabata kapena pa zovuta, mukufuna galimoto yoti ikafikitse banja pakhomo pa amayi mu Januwale msewu utaonongeka ndipo mulibe ndalama yodzidzimukira ya mamiliyoni yokonzera injini, Prado 2.7 ya petulo ndikuivomereza ndi mtima wonse.

Pogula yang'anani pansi musanayang'ane penti. Zina zimachokera kumadera a chipale ku Japan komwe amathira mchere m'misewu, ndiye chassis imadyeka dzimbiri makamaka chakumbuyo pafupi ndi thanki ndi pomangira ma shock, pemphani zithunzi za pansi musanatumize ndalama, ndipo ngati ili kale kuno ikwezeni pa pit mugogode ndi sipanala. Yesani L4 ndi batani la diff lija pa fumbi muone ngati nyali yake ikuyaka n'kukhazikika, chifukwa zambiri ku Japan sizinalowepo mu low range chigulireni ndipo kamota kake kamauma. Ikangofika sinthani oyilo wa injini, wa giya, wa ma diff onse awiri ndi wa transfer, muthire coolant weniweni osati madzi a pampopi, ndipo mapaipi opumira a ma diff muwakwezere m'mwamba dzinja lisanayambe.